Maelekitironi osaoneka amene amapinda molekyu ya madzi

Funso: Ndine wophunzira wa kusekondale ndipo phunziro la kemisitiri limandisangalatsa, koma pali chinthu chimodzi chimene chandizunguza mutu. Molekyu ya madzi, H₂O, ili ndi maatomu atatu, ndipo ya kaboni dayokisaidi, CO₂, ilinso ndi maatomu atatu. Nanga n'chifukwa chiyani buku likunena kuti ya madzi ndi yopindika pomwe inayo ndi yowongoka? Ndakhala ndikungoloweza maonekedwe a mamolekyu ndi manambala a madigiri, koma akandifunsa molekyu imene sindinaionepo ndimasowa pogwira. Komanso, kodi molekyu ya mchere, NaCl, imaoneka bwanji, popeza m'buku lathu sanaijambule?

Yankho: Funso lanu lakhudza pamene pagona phunziro lonseli, ndipo ndiyambe ndi kukulimbitsani mtima kuti kusowa pogwira kumene mukunenako sikukutanthauza kuti ndinu wouma mutu. Kukungosonyeza kuti njira yoloweza yafika pamapeto pake, chifukwa mamolekyu alipo osawerengeka ndipo palibe munthu amene angawasunge onse pamtima. Mwachidule, yankho lake ndi ili: fomula monga H₂O kapena CO₂ imangowerenga maatomu, koma chimene chimaumba molekyu ndi maelekitironi ozungulira atomu yapakati, kuphatikizapo amene sakugwira atomu ina iliyonse. Okosijeni wa m'madzi ali ndi mapeyala awiri a maelekitironi otere (peyala ndi maelekitironi awiri okhala limodzi), pomwe kaboni wa mu CO₂ alibe ndi imodzi yomwe. Zonse zimene ndifotokoze pansipa ndi zokuthandizani kuti muziona maelekitironi amenewa panokha, popanda wina kukuuzani.

Tiyambe ndi chifukwa chimene maatomu amagwiranirana. Pakati pa atomu pali nyukiliyasi, yomwe ili ndi chaji cha pozitivu, ndipo kunja kwake kuli maelekitironi, a chaji cha negativu, oyalidwa m'mashelo. Pa nkhani ya mabondi, shelo yakunja yokha ndiyo yofunika. Maatomu awiri a haidirojeni akayandikirana, elekitironi ya aliyense imayamba kukokedwa ndi manyukiliyasi onse awiri, ndipo kukokako kumawayandikitsabe. Koma akayandikirana mopitirira, manyukiliyasi awiriwo, pokhala onse a pozitivu, amayamba kukankhana. Pali mtunda umodzi pamene kukoka ndi kukankha kumalingana, ndipo pa haidirojeni mtundawo ndi mapikomita 74 (pikomita ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka mita). Kuti muwalekanitse kuchokera pamenepo pamafunika mphamvu yokwana makilojulu 436 pa molo imodzi (kilojulu ndi muyeso wa mphamvu, ndipo molo ndi muyeso wa kuchuluka kwa mamolekyu). Chimene timachitcha bondi n'chimenechi. Mumamva kawirikawiri kuti atomu "imafuna" maelekitironi 8 m'shelo yakunja, ndipo mawuwo ndi othandiza powerengera, koma musawatenge ngati kuti atomu ili ndi maganizo. Mwala ukagubuduzika paphiri umakaima pamalo otsika, osati chifukwa chowakonda malowo, koma chifukwa ukafika pamenepo sungachokepo popanda wina kuukankha. Maatomu ogwirana ali pamalo otsika oterowo.

Mtundu wa bondi umadalira mphamvu imene atomu iliyonse imakokera maelekitironi, mphamvu imene mabuku amaitcha electronegativity. Linus Pauling ndiye anakonza muyeso wake mu 1932, ndipo pa muyesowo fulorini ali pamwamba ndi pafupifupi 4.0, okosijeni ali ndi 3.44, kulorini 3.16, kaboni 2.55, haidirojeni 2.20, pomwe sodiyamu ali pansi ndi 0.93. Sodiyamu akakumana ndi kulorini, kusiyana kwa mphamvu kumakhala kwakukulu kwambiri moti elekitironi imodzi yakunja ya sodiyamu imasamukiratu kwa kulorini, n'kutsala Na⁺ ndi Cl⁻. Maatomu okhala ndi chaji oterewa amatchedwa maayoni, ndipo kukokana kwawo ndiyo bondi ya ionic, ndipo apa ndi pamene pali yankho la funso lanu lachiwiri. Buku lanu silinaiwale kujambula molekyu ya mchere. Mu mchere umene mumauona ndi maso mulibe mamolekyu. Na⁺ sakoka Cl⁻ mmodzi yekha ngati mnzake wapadera, koma amakoka aliyense amene ali pafupi, mbali zonse, choncho Na⁺ aliyense amazunguliridwa ndi ma Cl⁻ 6, ndipo Cl⁻ aliyense amazunguliridwa ndi ma Na⁺ 6, n'kumapitirira chomwecho mpaka kumapeto kwa kambulu ka mcherewo. Fomula NaCl imangonena kuti pa Na⁺ mmodzi aliyense pali Cl⁻ mmodzi. Mukathira timibulu tochepa ta mchere wosalala papepala lakuda n'kutiyang'ana pagalasi lokulitsa zinthu, mudzaona kuti tambiri ndi timabokosi ta mbali zofanana, ndipo maonekedwe amenewo akuchokera ku kasanjidwe ka maayoni komwe ndafotokozaka. Kuti mchere usungunuke ndi kutentha pamafunika madigiri 801 Celsius, chifukwa kukokana kwa mbali zonseko kuyenera kugonja kaye. Zitsulo nazo zilibe mamolekyu. Maelekitironi awo akunja amayendayenda momasuka pakati pa maayoni onse, n'chifukwa chake zimadutsitsa magetsi. Choncho funso la maonekedwe a molekyu limakhudza bondi ya covalent yokha.

Bondi ya covalent imachitika pamene maatomu awiri onse amakoka maelekitironi mwamphamvu, ndiye palibe amene angalande mnzake. M'malo mwake amagawana peyala imodzi ya maelekitironi. Amene anafotokoza zimenezi momveka ndi Gilbert N. Lewis mu 1916, ndipo madontho amene mumajambula kuzungulira chizindikiro cha atomu aja ndi njira yake. Ndikukupemphani ndi mtima wonse kuti musamafupikitse ntchito yojambula madonthowa. Ophunzira ambiri amajambula mizere ya mabondi yokha, n'kusiya maelekitironi otsala poganiza kuti alibe ntchito, ndipo akatero amakhala ataya chinthu chenichenicho chimene chikanawauza yankho. Okosijeni ali ndi maelekitironi 6 m'shelo yakunja. M'madzi, awiri amalowa m'mabondi ndi mahaidirojeni awiri, ndipo anayi amatsala, ali mapeyala awiri. Peyala yotereyi mabuku amaitcha lone pair. Pano ndiziitcha peyala yongokhala. Imangokhaladi, m'lingaliro lakuti sikugwira atomu ina, koma imatenga malo ndipo imakankha.

Lamulo lolosera maonekedwe ndi limodzi lokha. Maelekitironi onse ndi a negativu, choncho magulu a maelekitironi ozungulira atomu yapakati amakankhana, ndipo amakhazikika motalikirana momwe angathere. Ganizoli analiyambitsa ndi Nevil Sidgwick ndi Herbert Powell mu 1940, ndipo Ronald Gillespie ndi Ronald Nyholm analikulitsa mu 1957. Masiku ano limadziwika ndi dzina lakuti VSEPR, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kukankhana kwa mapeyala a maelekitironi a m'shelo yakunja. Gulu limatanthauza bondi imodzi kapena peyala yongokhala imodzi. Kuti muone ndi maso zimene zikuchitika, pezani mabaluni anayi, muwafufumitse mofanana, kenako mumange awiri pakamwa pawo. Mukawasiya, adzaloza mbali zosiyana, n'kupanga mzere wowongoka, madigiri 180. Mukamangirirapo lachitatu, atatuwo adzakankhana mpaka kugona mofanana ngati mapeni atatu a chokupizira mphepo, madigiri 120 pakati pa lililonse ndi linzake. Lachinayi ndilo lophunzitsa kwambiri. Yesani kuwapanikiza onse anayi patebulo kuti agone ngati mtanda. Mudzamva akulimbana ndi manja anu, akulira pokhulana, ndipo mukangochotsa manja, limodzi lidzadumphira m'mwamba, atatu otsalawo n'kutsikira pansi ngati miyendo ya mpando wa miyendo itatu. Palibe amene wawalamula mabaluniwo. Apeza okha kakhalidwe kamene lililonse lili ndi malo ochuluka, ndipo ngodya ya pakati pa awiri alionse yakhala madigiri 109.5. Maonekedwe amenewa amatchedwa tetrahedral.

Umu ndi mmene methane, CH₄, alili. Kaboni ali ndi maelekitironi 4 akunja, onse amalowa m'mabondi anayi, ndipo sipatsala peyala yongokhala. Papepala timajambula methane ngati mtanda, ndipo chithunzicho chimanamiza maso kuti ngodya yake ndi madigiri 90. Pepala ndi lafulati, koma molekyu sikhala papepala; ili ndi kumwamba ndi kunsi, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo 109.5 ndi mpata waukulu kuposa 90. Chimene chimandichititsa chidwi ndi chakuti Jacobus van 't Hoff ndi Joseph Le Bel, aliyense payekha, anazindikira kuti kaboni ndi wotere mu 1874, elekitironi isanadziwike n'komwe. Umboni wina mungautsate nokha. Chotsani mahaidirojeni awiri pa methane n'kuikapo makulorini awiri, kuti mupeze CH₂Cl₂. Molekyu imeneyi ikanakhala yafulati ngati mtanda, pakanapezeka mitundu iwiri yosiyana, wina wokhala ndi makulorini oyandikana ndi wina wokhala ndi makulorini oyang'anizana. Koma umene umapezeka ndi mtundu umodzi wokha. Umbani kampira ka dongo, mubayepo timitengo tinayi monga mabaluni aja anakhalira, ndipo mupake tiwiri utoto: kulikonse kumene mungatiike, mukatembenuza kampirako mudzapeza kuti ndi chinthu chimodzimodzi, chifukwa nsonga iliyonse ndi yoyandikana ndi zinzake zitatu zonse.

Tsopano tengani amoniya, NH₃. Naitirojeni ali ndi maelekitironi 5 akunja. Atatu amapanga mabondi, awiri amatsala ngati peyala yongokhala. Magulu ndi anayibe, choncho kasanjidwe kake n'kofanana ndi ka mabaluni anayi, kungoti nsonga imodzi ilibe atomu. Ngodya yake komabe si 109.5 ayi, ndi pafupifupi madigiri 107. Chifukwa chake n'chakuti peyala imene ili m'bondi imakokedwa ndi manyukiliyasi awiri, ndiye imatambasuka n'kuwonda pakati pawo, pomwe peyala yongokhala imagwiridwa ndi nyukiliyasi imodzi yokha, choncho imakhala pafupi ndi atomu yapakati, yotakasuka, yotenga malo ambiri. Ili ngati baluni lonenepa pakati pa owonda, ndipo limawafinyira anzake pamodzi. Madzi ali ndi mabaluni onenepa awiri. Magulu ndi anayi, mabondi awiri ndi mapeyala ongokhala awiri, ndipo kufinya kwa mapeyala awiriwo kumatsitsa ngodya kufika pa madigiri 104.5. Taonani kuti manambala atatu amene mwakhala mukuloweza paokhapaokha, 109.5, 107 ndi 104.5, ndi nkhani imodzi: magulu anayi nthawi zonse, ndipo mapeyala ongokhala akuwonjezeka kuchokera pa ziro kufika pa imodzi, kenako pa awiri.

Apa pali msampha umene umakola ngakhale ophunzira akhama. Powerenga magulu timawerenga onse, koma potchula dzina la maonekedwe timayang'ana maatomu okha. Methane, amoniya ndi madzi onse ali ndi magulu anayi, komabe methane yekha ndiye amatchedwa tetrahedral. Amoniya ndi piramidi ya tsinde la makona atatu, ndipo madzi ndi opindika ngati chilembo V. Munthu akalemba pamayeso kuti madzi ndi tetrahedral, wawerenga bwino koma watchula molakwa. Akalemba kuti ndi owongoka, sanawerenge n'komwe mapeyala ongokhala.

Tibwerere ku CO₂ yanu ija. Kaboni ali pakati ndi maelekitironi ake 4, ndipo okosijeni aliyense akusowa awiri kuti shelo yake idzaze, choncho kaboni amagawana mapeyala awiri ndi okosijeni wakumanja, awiri enanso ndi wakumanzere. Maelekitironi onse a kaboni atha, palibe chotsala. Bondi ya mapeyala awiri, kaya atatu, imawerengedwa ngati gulu limodzi, chifukwa mapeyala onsewo amaloza kumalo amodzi, kwa atomu imodzi. Magulu ndi awiri basi, ngati mabaluni awiri aja, ndipo ngodya ndi madigiri 180. Ena amasokonezeka poona kuti maokosijeni a mu CO₂ ali ndi mapeyala ongokhala. Alidi nawo, awiri aliyense, koma amene amaumba molekyu ndi a pa atomu yapakati okha. Kuti mutsimikize kuti mwamvetsa, yerekezani CO₂ ndi SO₂, zimene fomula zake zikuoneka ngati mapasa. Mukaphatikiza maelekitironi onse akunja, CO₂ ili ndi 16 pomwe SO₂ ili ndi 18, chifukwa sulufule ali ndi 6 pomwe kaboni ali ndi 4. Awiri owonjezerawo amakhala pa sulufule ngati peyala yongokhala, magulu n'kukhala atatu, ndipo SO₂ imapindika pa ngodya ya pafupifupi madigiri 119. Maelekitironi awiri okha asintha maonekedwe a molekyu yonse.

Umboni wina wooneka bwino wakuti peyala yongokhala ilipodi umapezeka amoniya akakumana ndi asidi. H⁺ wochokera ku asidiyo alibe elekitironi, ndipo amakakhala pa peyala yongokhala ya naitirojeni ija, n'kuisandutsa bondi. Chotsatira chake ndi NH₄⁺, ndipo popeza baluni lonenepa lija tsopano lawonda ngati anzake, ngodya zonse zimabwerera pa 109.5, chimodzimodzi methane.

Mwina mungafunse kuti kupindikako kuli ndi phindu lanji kupatula kukhoza mayeso. Okosijeni amakoka maelekitironi mwamphamvu kuposa haidirojeni ndi kaboni yemwe, choncho m'mamolekyu onse awiri mabondi ndi opendekera kwa okosijeni. Mu CO₂, maokosijeni awiri akukoka mofanana koma moyang'anizana, ngati magulu awiri ofanana mphamvu pa mpikisano wokokana chingwe, ndipo chingwe sichisuntha. Molekyu yonse imakhala yopanda mbali ya pozitivu kapena ya negativu. M'madzi kukokako sikungathetsane, chifukwa mahaidirojeni onse ali mbali imodzi. Kumene kuli okosijeni kumakhala kwa negativu pang'ono, kumene kuli mahaidirojeni kwa pozitivu pang'ono. Molekyu yotere imatchedwa polar. Haidirojeni wa molekyu imodzi amakokedwa ndi peyala yongokhala ya okosijeni wa molekyu ina, kukoka kumene kumatchedwa hydrogen bond, ndipo popeza molekyu iliyonse ya madzi ili ndi mahaidirojeni awiri ndi mapeyala ongokhala awiri, imatha kugwirana ndi anzake anayi. Zotsatira zake n'zazikulu. Pa muyeso wa kulemera kwa mamolekyu, ya CO₂ ndi yolemera 44 pomwe ya madzi ndi 18 yokha, komabe CO₂ ndi mpweya kale pa madigiri 78 pansi pa ziro, pamene madzi opepukawo amadikira mpaka madigiri 100 kuti awire pa puresha ya nthawi zonse. Madzi akaundana, molekyu iliyonse imagwira anzake anayi m'kasanjidwe kokhala ndi mipata yambiri, choncho amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti ndipo amayandama pamwamba pa madzi osaundana. Mchere umasungunuka m'madzi chifukwa cha kupindika komweku: mbali ya okosijeni imazinga Na⁺, mbali ya mahaidirojeni imazinga Cl⁻, n'kuwachotsa mmodzimmodzi pa kambulu kaja.

Musasokoneze mabondi a mkati mwa molekyu ndi kukokana kwa pakati pa molekyu ndi inzake. Madzi akamawira, chimene chikuduka si bondi ya okosijeni ndi haidirojeni, imene imafuna makilojulu pafupifupi 460 pa molo, koma hydrogen bond, imene imafuna pafupifupi 20 okha. Nthunzi imene ikutuluka m'poto ndi H₂O yemweyo, wopindika monga kale, kungoti mamolekyu atayana.

Ndiyenera kukuuzaninso malire a njira imeneyi, kuti tsiku lina isadzakukhumudwitseni. Lamulo la maelekitironi 8 siligwira paliponse. Boroni mu BF₃ amazunguliridwa ndi maelekitironi 6 okha, magulu atatu, ndipo molekyuyo ndi yafulati ya madigiri 120. Sulufule mu SF₆ ali ndi mabondi 6, anayi m'mbali, imodzi m'mwamba, ina pansi, ndipo ngodya zake ndi madigiri 90. Pa zonsezi kuwerenga magulu kumaperekabe yankho lolondola. Pamene VSEPR imafooka ndi pa nambala yeniyeni ya ngodya. H₂S ali ndi mabondi awiri ndi mapeyala ongokhala awiri, ngati madzi, ndipo njirayi imalosera bwino kuti ndi wopindika, koma ngodya yake ndi pafupifupi madigiri 92, osati 104.5. Kufotokoza bwino kusiyana kumeneko kumafuna maphunziro a maobitalo, malo amene maelekitironi amakhala mu atomu, omwe mudzakumane nawo kutsogolo. Manambala a ngodyawa amachokera ku zoyeza za m'labotale, ndipo VSEPR ndi njira yowamvetsa, osati gwero lake. H₂S yemweyo amawira pa madigiri 60 pansi pa ziro ngakhale ndi wolemera kuposa madzi, chifukwa sulufule sakoka maelekitironi mwamphamvu zokwanira kupanga hydrogen bond yolimba.

Mukapatsidwa molekyu yachilendo, pezani atomu yapakati, phatikizani maelekitironi onse akunja, onjezerani imodzi pa chaji chilichonse cha negativu kapena chotsani imodzi pa cha pozitivu, jambulani madontho onse osasiyako, ndipo muwerenge magulu ozungulira atomu yapakatiyo musanaganize za dzina lililonse. Yambani ndi H₃O⁺, amene amapezeka asidi akasungunuka m'madzi: maelekitironi ndi 6 a okosijeni kuphatikiza 3 a mahaidirojeni, kuchotsapo 1, kutsala 8, ndipo mukawayala mudzapeza kuti akufanana ndi imodzi mwa mamolekyu amene takambirana pamwambapa. Mukatero, jambulani CCl₄ ndi CHCl₃ moyandikana. Onse awiri ali ndi magulu anayi opanda peyala yongokhala pa kaboni, koma mmodzi yekha ndiye polar, ndipo kampira kanu ka dongo kokhala ndi timitengo tinayi kadzakuonetsani kuti ndi uti mukangopaka titatu utoto umodzi n'kusiya kamodzi.